Kwaya Yochepa ndi Kantata ya Bach

Mu 1730 Johann Sebastian Bach, mkulu wa oimba pa tchalitchi cha St Thomas mumzinda wa Leipzig ku Germany, analembera kalata akuluakulu a mzindawo kudandaula za kuchepa kwa oimba. Iye ananena kuti kwaya imafunika anthu osachepera atatu pa liwu lililonse, onse pamodzi 12, kuti wina akadwala nyimbo isagwe.

Mtsogoleri wa kwaya m'mapulazi a fodya ozungulira Banket, Mvurwi kapena Bindura angathe kulimvetsa dandaulo limeneli. Mapemphero a m'Chichewa ku Mashonaland ndi akale ndithu: mu 1912 m'busa T.C.B. Vlok anapita ku Salisbury kukatumikira antchito ochokera ku Nyasaland, ndipo ntchitoyo inabala sinodi ya CCAP mu 1965, imene lero ikutchedwa Sinodi ya Harare. Koma kugawidwa kwa minda kumene kunayamba mu 2000 kunabalalitsa mabanja ambiri a antchito. Otsala m'makomboni ndiwo akudziwa kuvuta kwake kopeza besi ndi tenala Lamulungu m'mawa.

Kantata inali nyimbo ya mphindi pafupifupi 20, yoimbidwa Uthenga Wabwino ukawerengedwa, ulaliki usanayambe. Mawu ake ankachokera pa phunziro la tsikulo. Kawirikawiri kwaya yonse ndiyo inkatsegula. Kenaka woimba mmodzi ankafotokoza nkhani ngati akulankhula, limba likumuperekeza pansipansi. Gawo limeneli limatchedwa recitative. Potsatira pake pankabwera aria, pamene woimba amatenga ganizo limodzi n'kulibwereza modekha, vayolini kapena chitoliro chikumuyankha. Potseka pankaimbidwa ndime ya nyimbo yakale imene mpingo wonse unkaidziwa, m'mawu anayi osavuta.

Chitsanzo chabwino ndi kantata yodziwika ndi nambala BWV 140, yoimbidwa koyamba pa 25 Novembala 1731. Maziko ake ndi fanizo la anamwali khumi la pa Mateyu 25 ndi nyimbo ya Philipp Nicolai yosindikizidwa mu 1599. Mwa zigawo zake zisanu ndi ziwiri, mawu onse anayi amamveka pamodzi m'ziwiri zokha, choyamba ndi chotsiriza. Kawiri konse sopulano ndi besi amayankhana okha, mmodzi ngati mzimu wa wokhulupirira, winayo ngati Yesu. Mu 1981 katswiri wina wa nyimbo, Joshua Rifkin, anafika ponena kuti Bach ankagwiritsa ntchito munthu mmodzi yekha pa liwu lililonse, ndipo akatswiri anzake anatsutsana naye kwa zaka zambiri.

Zoimbira za Bach sizipezeka m'komboni, ndipo palibe chifukwa chozifunafunira. Chimene chingabwerekedwe ndi kasanjidwe kake, chifukwa katundu wolemera amasenzedwa ndi oimba awiri kapena atatu odalirika, pamene ena onse amangolowa poyamba ndi pomaliza. Kuyankhana kwa wotsogolera ndi gulu n'kumene Achewa anazolowera kale pamaliro ndi pamtondo. Kwaya ya anthu asanu ndi mmodzi ingatenge phunziro la Lamulungu, mmodzi n'kulifotokoza moimba, awiri n'kuyankhana pa vesi limodzi, kenaka onse n'kutseka ndi ndime ya m'buku la Nyimbo za Mulungu, imene ngakhale ana obadwira ku Zimbabwe, olankhula Chishona tsiku ndi tsiku, anaimvapo kwa agogo awo.