Mpunga timafunsa kwawo, nanga nyimbo za pa TVM?

Pamsika wa ku Area 18, mayi wogula mpunga sayamba ndi kufunsa mtengo. Amatapa pang'ono m'dzanja, kununkhiza, kenako n'kufunsa kuti, "Ngwakuti umenewu, achimwene?" Akamva kuti ndi Kilombero wa ku Karonga amalolera kuwonjezera ndalama, podziwa kuti akauteleka fungo lake lifika mpaka kwa aneba. Kachewere wa ku Tsangano, nanazi za ku Mulanje, chambo cha ku Mangochi: Amalawi tinadziwa kalekale kuti chakudya chili ndi kwawo, ndipo kwawoko ndi gawo la mtengo wake. Chondipweteka n'chakuti nzeru imeneyi timaisiya pamsika pomwepo. Ikafika pa nyimbo zathu, makamaka zimene zinajambulidwa m'zaka zoyambirira za wailesi ya kanema, timangolandira kakanema kalikonse kamene katipeza pafoni, osafunsa kuti kanajambulidwa liti, kuti, ndiponso kuti mnyamata akukhwatcha gitala kumbuyoyo ndani. Mfundo yanga ndi yakuti MBC, pamodzi ndi boma lomwe ndi mwini wake, ikuyenera kusamutsira pa kompyuta mapologalamu onse a nyimbo a nthawi ya TVM, kulemba chiyambi cha iliyonse, ndi kuwatsegulira anthu. Ntchitoyi ikufunika ichitike m'zaka zochepa zikubwerazi.

Tisaiwale kuti kanema inafika mochedwa kwambiri kuno. Mu ulamuliro wonse wa a Kamuzu Banda dziko lino linalibe wailesi ya kanema yakeyake, ndipo Television Malawi (TVM) inayamba kuulutsa pa 1 April 1999, a Bakili Muluzi ali pampando. M'nyumba za ku Area 18A ndi 18B, zimene zinamangidwa likulu likusamuka ku Zomba m'zaka za m'ma 1970, ana a nyumba zingapo ankadzazana pabalaza limodzi, ena atakhala pansi, ena akusuzumira pawindo, kudikira Music Splash ya malemu Geoffrey Kapusa. Apa m'pamene anthu ambiri anaona koyamba nkhope za oyimba amene ankangowamva pa wailesi kapena pa makaseti ogula kwa OG Issa. Anaona mmene Lucius Banda ankaimira pa maiki, mmene Ethel Kamwendo Banda ankavalira, mavinidwe a makwaya a m'mipingo, ndi magule a m'maboma. Evison Matafale anamwalira mu November 2001, TVM isanakwanitse zaka zitatu. Choncho chithunzi chilichonse choyenda cha iye chimene wailesi ya kwathu inajambula chinatengedwa m'nyengo yaifupi imeneyo, ndipo sichingajambulidwenso. Grace Chinga anatisiya mu 2016, Wambali Mkandawire mu 2021, Lucius Banda mu 2024. Maliro a woyimba aliyense amawonjezera kulemera kwa tepi imene ili ndi nkhope yake.

Oyimba a m'badwo wam'mbuyo amatiphunzitsa zambiri pa nkhaniyi. Daniel Kachamba anamwalira mu 1987, Allan Namoko mu 1995, onse kanema ya dziko lawo isanabadwe. Kuti lero tikutha kuona a Kachamba akuyimba ndi chifukwa cha Gerhard Kubik wa ku Austria, amene anayamba kujambula Daniel ndi m'bale wake Donald mu 1967 n'kupitiriza kugwira ntchito ndi banja lawo ku Chileka kwa zaka zambiri. Iyeyo asanabwere, Hugh Tracey anayendayenda mu Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 akujambula bangwe, kalimba ndi nyimbo za pamtondo, ndipo zojambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University, ku South Africa. Chimene chimapatsa mphamvu ntchito ya anthu awiriwa ndi cholembera chawo. Pa nyimbo iliyonse ankalemba dzina la woyimba, dera lake, chaka, chilankhulo ndi chida chimene ankaimba, moti mdzukulu wa ku Dedza kapena ku Nsanje angathe kulondola mawu a agogo ake mpaka kuwapeza. Matepi a TVM ndi amene tinadzijambula tokha, ndi makamera athu ndi maso athu. Zingakhale zamanyazi kuti alendo atiposere pa kusamala zathu zomwe.

Kuti dzina ndi dera zimasanduka ndalama, umboni wake uli pa chokoleti. Koko woposa theka la dziko lonse amachokera ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana, komabe chokoleti chodzaza m'masitolo sichitchula mlimi kapena mudzi. Mafakitale akuluakulu amasakaniza njere za alimi zikwizikwi, kuzikazinga kwambiri, n'kuthira shuga ndi mkaka wochuluka kuti chidutswa chilichonse chikome mofanana ndi chinzake. Koma palinso opanga ang'onoang'ono amene amagula koko wa chigwa chimodzi chokha, n'kulemba pa pepala lokutira dzina la chigwacho ndi kuchuluka kwa koko, kawirikawiri 70 pa 100 alionse. Wodya chokoleti chotere satafuna msanga. Amanyema kachidutswa, kukasiya palilime kuti kasungunuke, ndipo amamva kuti cha ku Sambirano ku Madagascar chimawawasa mwa zipatso, pamene cha dera lina chimakhala chowawirako ndi chonona. Kusiyanaku kumachokera ku nthaka, ku mtundu wa mtengo, ndiponso ku kavundikidwe: njere zikachotsedwa m'chipatso zimavundikidwa m'mabokosi a matabwa kwa masiku asanu kapena asanu ndi awiri, kenako n'kuyanikidwa padzuwa. Ku Mbingu, m'chigwa cha Kilombero ku Tanzania, kampani ya Kokoa Kamili imagula njere zaziwisi kwa alimi pa mtengo woposa wa mavenda, n'kuzivundika pamalo amodzi mosamala, ndipo dzina lake tsopano limalembedwa pa chokoleti chogulitsidwa ku Ulaya ndi ku America. Kwathu kuno, Wezi Mzumara anayambitsa Kwanza Cocoa ku Mzuzu, kupanga chokoleti kuchokera ku koko wolimidwa kumpoto kwa dziko lino. Ogula amalipira zambiri chifukwa akudziwa chimene akudya, ndipo mbali ya ndalamayo imatha kubwerera kumene kokoyo wachokera, popeza kumeneko n'kodziwika. Nyimbo zathu zakale pakali pano zili m'gulu la koko wosakanizidwa uja.

Wina anena kuti izi n'zokamba anthu okhuta. Dziko likuvutika ndi njala, mizere ya mafuta, kusowa kwa mankhwala m'zipatala, ndiye munthu n'kumakamba za chokoleti ndi matepi akale? Funsoli n'lomveka, ndipo sindikulipeputsa. Koma ntchito imene ndikunena si yomanga msewu kapena damu. Imafuna makina ochepa osewerera matepi, makompyuta, mosungira mafayilo mowirikiza, chipinda chozizira ndi chouma, ndi anthu ochepa ophunzitsidwa bwino. Matepi ena a nyimbo za pa wailesi ya MBC anasamutsidwapo kale ndi thandizo lochokera ku Norway, kusonyeza kuti luso lilipo ndipo abwenzi othandiza amapezeka. Chinanso, mavuto a dziko lino sadzatha kaye kuti tipeze mpata. Msewu umene sunamangidwe chaka chino ungamangidwe chaka chamawa, koma tepi imene yadyedwa ndi chuku yapita basi, ngakhale patapezeka ndalama zochuluka bwanji pambuyo pake.

Ena amati mapologalamuwo sanali abwino kwenikweni. Oyimba ankangoyendetsa milomo potsatira kaseti, kuwala kunali kochepa, makanema ambiri ankajambulidwa m'maluwa a pahotela kapena pamiyala ya m'mbali mwa nyanja, ndipo wailesiyo nthawi zambiri inali kamwa la chipani cholamula. Zambiri mwa izi n'zoona. Komabe maganizo omwewa ndi amene anawonongetsa chuma cha anzathu. BBC inafufuta magawo ambiri a m'zaka za m'ma 1960 a Top of the Pops, pologalamu imene inayamba mu 1964, pofuna kugwiritsanso ntchito matepiwo, akuluakulu ake poganiza kuti nyimbo za achinyamata n'zongopita ndi mphepo. Mwa zofufutidwazo munali tsiku limene The Beatles anaonekera m'situdiyo ya pologalamuyo mu 1966, ndipo pamene kachidutswa ka masekondi 11 kanapezeka mu 2019 inali nkhani ya dziko lonse. Amene akukhala m'nyengo inayake sakhala oweruza abwino a zimene zidzukulu zidzafune kuona. Kavalidwe ka atsikana ovina kumbuyo, Chichewa cha muulutsi, malonda a sopo apakati pa pologalamu, zonsezi ndi umboni wa mmene tinkakhalira. Ngakhale nyimbo zotamanda atsogoleri zisungidwe ndithu, pamodzi ndi chaka chake ndi dzina la woyimba, kuti mwana wa sukulu adzaone yekha mmene wailesi ya anthu onse inkagwiritsidwira ntchito.

Chitsutso champhamvu kuposa zonse n'chakuti anthu akusunga kale okha. Pa YouTube, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mumayenda timakanema takale, ndipo anyamata obena nyimbo ku Kawale, ku Biwi kapena kwa Chinsapo ali ndi mafoda odzaza. Anthuwa tiwathokoze, chifukwa popanda iwo zina bwenzi titaiwala. Koma taonani chimene chimafika pafoni: chithunzi chosaoneka bwino chifukwa chakoperedwa kambirimbiri, mutu ndi mchira zodulidwa, mayina a ojambula kulibe, pamwamba palembedwa kuti "nyimbo zakale" basi. Mwini tsamba akataya chidwi kapena kompyuta ikapsa, zonse zapita. Choipitsitsa n'chakuti nyimbo yopanda dzina silipira mwini wake. COSOMA, imene inakhazikitsidwa mu 1992, imagawa ndalama kwa oyimba ndi kwa olowa m'malo awo potsatira zimene zinalembetsedwa, ndipo mkazi wamasiye wa woyimba ng'oma amene dzina lake silinalembedwe paliponse alibe poyambira. Pamene dzina ladziwika, zinthu zimasintha. Giddes Chalamanda anayimba zaka makumi ambiri ali wosauka, koma atajambulidwa bwino ndi Patience Namadingo mu 2020, nyimbo yake ya Linny Hoo inafalikira pa TikTok m'mayiko ambiri, ndipo anthu anadziwa wokamuthokoza. Ku Zambia, nyimbo za gulu la WITCH za m'ma 1970 zitatulutsidwanso ndi kampani ya Now-Again pamodzi ndi mbiri yake yolembedwa bwino, woyimba wa gululo Jagari Chanda anabwerera pa nsanja ku Ulaya ndi ku America ali wachikulire. Palibe chifukwa choganizira kuti nyimbo za ku Balaka kapena ku Chileka n'zochepa mphamvu kuposa za ku Kitwe, kwawo kwa WITCH.

Nthawi ndiyo ikutithawa, ndipo ikuthawa mbali zitatu. Tepi ya kanema imawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, moti yojambulidwa mu 1999 yadutsa kale zaka zimene opanga ankayembekezera kuti ikhale yodalirika. Makina osewerera nawonso akutha: kampani yomaliza kupanga makina a VHS, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016, ndipo chaka chomwecho Sony inasiya kugulitsa makina a Betacam. Mbali yachitatu, imene imandidetsa nkhawa kwambiri, ndi anthu. Kompyuta ingathe kukopera chithunzi, koma singanene kuti mayi wa duku lofiirayo ndi ndani kapena kuti holoyo inali ya tchalitchi chiti.

Choncho MBC iyambe ndi kuwerenga matepi amene ili nawo ndi kuuza mtundu wa Amalawi mndandanda wake, pakuti anajambulidwa ndi misonkho yathu. Makope akhale awiri, lina ku National Archives ku Zomba, kuti moto kapena kusintha kwa mabwana pamalo amodzi kusafafanize zonse. COSOMA ikhalepo kuyambira pachiyambi kuti nkhani ya umwini isadzakhale chifukwa chotsekera zinthuzi m'kabati. Mabanja a ku Area 18, Area 25 ndi kwina amene anajambula mapologalamuwa pa VHS kunyumba apemphedwe kubwereketsa matepi awo, akopedwe, abwezedwe. Ndipo ojambula, aulutsi ndi oyimba amene anagwira ntchito ku situdiyo ya TVM ku Kwacha zaka zimenezo, ambiri mwa iwo opuma pantchito tsopano, aitanidwe, alipidwe, akhale patsogolo pa kanema ndi mlembi pambali, azitchula mayina a nkhope imodziimodzi, tsiku ndi malo.