Nthabwala ya Pawailesi Ilibe Msuweni

Linali Loweruka masana ku Chinamwali, magetsi atazima monga mwa nthawi zonse, ndipo tinali titaunjikana pakhonde la wometa tsitsi kumvera mpira wa amayi pa kawailesi ka mabatire. Mtsikana wina wosewera kutsogolo anawadutsa anzake atatu ngati aima, nakankha chikopa muukonde. Woulutsa mpira uja, m'malo moti atiuze dzina la mwana wagoletsayo, anati: "Koma abale, nambala 9 ameneyu ayambe akamuona kaye azamba, ine ndikukayika." Mnzake amene ankamuthandiza anaseka mpaka kutsamwa. Pakhonde paja tonse tinafa nalo phwete. Ndisanamepo, inenso ndinaseka.

Nditacheuka ndinaona mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 14, ataima kumbuyo kwanga ndi nsapato zake za mpira m'jumbo. Anabwera kudzapempha ya kabaza yopitira kokonzekera masewero. Iye sanaseke. Tili m'njira anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Amalume, kodi ndikamasewera anthu amanenanso zomwezija za ine?" Ndinamuyankha zimene wamkulu aliyense amayankha akagwidwa: kuti asadandaule, zinali zocheza chabe.

Yankho limenelo linali labodza, ndipo nkhani ino ndi yotsutsana nalo. Mawu onyoza otuluka pakamwa pa woulutsa masewero ndi oyenera kukwiyitsa dziko, ndipo ife amene timaseka ndiye tili ndi mlandu waukulu kuposa wolankhulayo.

Ndiyambe ndavomera kuti anthu amenewa ndimawakonda. Amene tinakula Television Malawi isanabwere mu 1999 tikudziwa kuti mpira tinkauonera m'makutu. Woulutsa wa luso amatenga bwalo lonse nkulilowetsa m'kabokosi ka pathebulo. Amapeka mayina, amasereula goloboyi wogwira mphepo, amanyogodola wotseka kumbuyo amene wadyetsedwa kanzota. Zimenezo ndiye mchere wa mpira, ndipo ndikanakhala woyamba kudandaula akanati aziulutsa ngati akuwerenga uthenga wa maliro. Wosewera akaphonya golo ili pululu, mseke. Mphunzitsi akasintha timu mopanda nzeru, mdzudzule. Zonsezo ndi zimene munthu wachita pabwalo, ndipo analowa m'bwalomo akudziwa kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma thupi limene anabadwa nalo, mtundu wa makolo ake, khungu lake, chilema chake, zimenezo sanazichite pabwalo. Anabwera nazo kuchokera kwa Namalenga.

Anzanga a pakhonde paja amati Amalawife ndi anthu a nthabwala, ndipo amene akukwiya watengera zachizungu. Amandikumbutsa za chisuweni, mmene munthu amanyozera msuweni wake pagulu mpaka kumulanda nkhuku, popanda mlandu. Ena amatchula za anzathu a ku Zambia, kumene Angoni ndi Abemba amatukwanizana mwachimbuya ngakhale pamaliro. Zoonadi mwambo umenewo ulipo ndipo ndi wokoma. Koma aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti chisuweni chili ndi malamulo ake. Loyamba ndi lakuti nonse awiri mukudziwana. Lachiwiri, lomwe ndi lalikulu, ndi lakuti wonyozedwayo ali ndi ufulu wobwezera pomwepo, anthu omwewo akumva. Ukanditchula wadazi, ine ndikutchula wamatewe, tonse nkuseka, nkhani nkutha. Nanga mtsikana wa nambala 9 uja akabwezera pati? Iye ali pabwalo akuthamanga, sakudziwa nkomwe kuti dziko lonse likuseka za m'kati mwa zovala zake. Adzazimva madzulo kwa ana a kwawo, ndipo adzazimvabe kumsika mwezi wamawa. Winayo ali ndi maikolofoni, iye ali ndi thukuta lokha. Kumeneko si kusereulana kwa asuweni. Ndi wamkulu kumenya mwana womangidwa manja.

Amene sakhulupirira kukula kwa maikolofoni akwere phiri la Zomba tsiku lopanda nkhungu, akaime pa Emperor's View. Ayang'ane madenga onse amene akunyezimira kumunsiko, kuchokera m'tauni mpaka kuchigwa cha nyanja ya Chilwa ndi kuloza ku Mulanje. Pansi pa madenga amenewo pali mawailesi ndi mafoni. Mphunzitsi wa Chichewa amalankhula ndi ana makumi asanu ndi atatu, mwina zana akachuluka. Mbusa amalankhula ndi mpingo umodzi. Woulutsa mpira amalankhula ndi madenga onsewo nthawi imodzi kwa mphindi 90, ndipo ana amamumvera ndi chidwi chimene sapereka kwa mphunzitsi kapena mbusa. Pitani pabwalo lililonse la fumbi ku Matawale kapena ku Mpondabwino, mukapeza kamnyamata kakuthamanga ndi mpira wa mapepala uku kakudziulutsa kokha, mawu ake, kamvekedwe kake, zonse zobwereka ku wailesi. Zabwino kamatola, zoipa kamatolanso. M'mera mpoyamba.

Pali chodzikanira china chimene timachimva kawirikawiri, chakuti munthu anangoterereka lilime mpira utatentha, kapena sanadziwe kuti akumveka. Ku England zinachitikapo. Mu April 2004, Chelsea itagonja kwa Monaco mu Champions League, Ron Atkinson wa kanema wa ITV ankaganiza kuti maikolofoni azimitsa. Ananena kuti Marcel Desailly, katswiri wobadwira ku Ghana amene anatenga chikho cha dziko lonse ndi France mu 1998, ndi waulesi ndi wopanda nzeru, nawonjezera liwu lija limene azungu ankaitanira akapolo. Mawuwo anamveka m'maiko ena a ku Middle East, ndipo Atkinson anatula pansi ntchito. Mu January 2011, Andy Gray ndi Richard Keys a Sky Sports anajambulidwa akunyoza Sian Massey, mayi wonyamula mbendera pa masewero a Wolves ndi Liverpool, ati akazi sadziwa lamulo la ofusayidi. Tsiku lomwelo mayiyo anagamula molondola pa chigoli choyamba cha Liverpool, pamene amuna ambiri m'bwalomo ankakuwa kuti walakwitsa. Sabata isanathe, onse awiri anali atachoka pa ntchito.

Kwa ine kusadziwa kuti ukumveka sikuchepetsa mlandu ayi. Mtsuko umatulutsa zimene unatungira. Ndipo amene amaganiza ngati Gray ndi Keys kuno kwathu, ali ambiri ndithu, akumbuke kuti Mmalawi amene wafika pa mpikisano wa chikho cha dziko lonse atanyamula mbendera ndi mayi, Bernadettar Kwimbira, ku Canada mu 2015 ndi ku France mu 2019. Flames sinafikeko.

Apa ndi pamene pali chinyengo chathu. Mzungu akanyoza wosewera wakuda ku Ulaya, timakwiya tonse, ndipo nkoyenera. M'malo oonetsera mpira a m'tauni muno anyamata amaimirira kutukwana kanema. Mu 2020 bungwe la osewera mpira ku England la PFA, mogwirizana ndi kampani ya RunRepeat, linatulutsa kafukufuku wa masewero 80 amene anasonyeza kuti oulutsa amakonda kuyamikira osewera oyera khungu chifukwa cha nzeru, pamene akuda amawayamikira chifukwa cha mphamvu ndi liwiro. Tinagwedeza mitu, tinati taonani tsankho la azungu. Koma mnyamata yemweyo amene watukwana kanema, wina akaponya nthabwala yakuti anthu a chigawo chakuti ndi odzikonda, a mtundu wakuti ndi okhwima, a boma lakuti ndi mbuli, amaseka mpaka kugwa pabenchi. Tsankho timaliona likavala khungu loyera. Likalankhula Chichewa timalitcha nthabwala. M'dziko limene masankho aliwonse kuyambira 1994 amatikumbutsa mmene zigawo zimatigawira, ndipo m'chigawo chino chakummawa kumene abale athu achialubino akhala akusakidwa ngati nyama, ndani angaime nkunena kuti liwu loti "napweri" kapena kunyoza mtundu wa munthu ndi mphepo chabe?

Ndibwerere kwa atsikana, pakuti ndi kumene kunandiwawa. Mu 2021 Tabitha Chawinga anauza nyuzipepala ya The Guardian kuti ali wamng'ono, akusewera mpira konkuno kwathu, anakakamizidwa kuvula kuti anthu atsimikize ngati analidi mtsikana. Ameneyo ndi mwana yemwe pambuyo pake anagoletsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya Italy ali ku Inter Milan, nachitanso chimodzimodzi ku France ali ku Paris Saint-Germain. Mng'ono wake Temwa mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya America, nasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Barbra Banda wa ku Zambia atalandira mphoto ya BBC chaka chomwecho, anthu a m'maiko akutali amene sanamuonepo anadzaza intaneti ndi funso lomwelija la pakhonde la wometa. Tsono taganizani: anthu amene anavula mwana uja sanagwe kuchokera kumwamba. Anali anthu wamba amene anamva nthabwala imeneyi kambirimbiri mpaka anaiona ngati funso loyenera kuyankhidwa. Nthabwala imayamba, manja amatsatira. Ndipo pa Tabitha mmodzi amene anapirira, sitidzadziwa ndi angati anapachika nsapato osauza munthu.

Tsopano kuli anzanga ophunzira, ena a iwo alembi ngati ine, amene amati kukwiyira mawu ndi kubwezeretsa nthawi ya chitsekerero. Nkhawa imeneyi sindiipeputsa, makamaka ndikulemba ndili ku Zomba. Ndi m'tauni muno, pa Gymkhana Club, pamene apolisi anagwira mlakatuli Jack Mapanje mu September 1987, nakamutsekera ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kumuzenga mlandu. Tikudziwa bwino lomwe chimene chimachitika boma likayamba kusankhira anthu mawu. Koma tisasokoneze zinthu ziwiri zosiyana. Mapanje anali munthu wopanda mphamvu amene mawu ake anakhumudwitsa amphamvu, ndipo boma linayankha ndi unyolo. Woulutsa uja ndi munthu wamphamvu amene mawu ake anaponda wopanda mphamvu, ndipo amene tikuyankha ndife omvera, ndi pakamwa pathu. Malamulo oyendetsera dziko lino amateteza ufulu wolankhula m'gawo 35, komanso ulemu wa munthu m'gawo 19. Woulutsa ali ndi ufulu wolankhula. Inenso ndili ndi ufulu womuuza kuti walankhula zonyansa. Kundiletsa kukwiya m'dzina la ufulu ndi kunditseka pakamwa ine kuti iye atsegule pake.

Enanso amati dziko lili ndi mavuto aakulu, chimanga chakwera, mafuta akusowa, mankhwala mulibe m'zipatala, nanga tizitaya nthawi ndi zonena za munthu wa mpira? Ngati kuti mkwiyo ndi ufa wa m'thumba umene ukautapa lero mawa ugona ndi njala. Amene amanena zimenezi sindinawaonepo akuguba chifukwa cha mankhwala.

Komabe mkwiyo uli ndi mitundu, ndipo wina sindiufuna. Sindikufuna gulu la pa Facebook limene limadzuka m'mawa kusaka woti limudye, kutukwana mkazi wake ndi amayi ake, kufalitsa kumene amakhala, kenaka pofika Lachitatu laiwala. Gulu limenelo likuchita tchimo lomwelo limene likudzudzula. Sindikufunanso kuti munthu aponyedwe m'dzenje la Chingwe chifukwa cha chiganizo chimodzi, ana ake nkusowa fizi. Mkwiyo umene ndikunena ndi wa mwinimbumba pabwalo la milandu: wolakwa atchulidwe, cholakwa chitchulidwe, apepese pamalo pomwe analakwirapo. Ngati ananyoza pa wailesi masana mpira uli m'kati, apepese pa wailesi masana mpira uli m'kati, atchule dzina la amene anamunyoza, osati kapepala kozembera usiku kongoti "ngati alipo amene anakhumudwa". Mawu akuti "ngati" amenewo ndi chipongwe chachiwiri. Akabwereza, eni wailesi amupumitse, ndipo akapanda kutero, omvera alembere a MACRA, pakuti ziphaso zoulutsira mawu zimabwera ndi malamulo a kayendetsedwe kake. Makampani amene amalipira kuti mayina awo azitchulidwa pakati pa mpira afunsidwe ngati akukondwa kuti sopo wawo azigulitsidwa limodzi ndi manyazi a mwana wa eni.

Koma zonsezi ndi zakutali. Pafupi pali khonde la wometa tsitsi, pamene panali amuna akuluakulu asanu ndi awiri, ena ndi madikoni, wina mphunzitsi wopuma, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati, "Iyayi, pamenepo walakwitsa." Woulutsa amadziwa msika wake. Amaponya nthabwala zotere chifukwa akudziwa kuti kwinakwake kuli khonde limene liseke. Tsiku limene makonde adzakhale chete, iye adzasiya yekha popanda kalata ya MACRA.

Mwana wa mlongo wanga sanasiye mpira, ndipo ndikuthokoza. Koma kuyambira Loweruka lija amavala ndolo popita kubwalo, zazikulu zonyezimira, zimene kale sankazifuna nkomwe. Woimbira amamuuza kuti azivule masewero asanayambe, pakuti malamulo salola. Amazivula, nkuzipatsira mnzake wa pabenchi, ndipo wezulo yomaliza ikangolira amathamangira kukazivalanso asanamwe ndi madzi omwe.