Wothira dizilo wa m'chigubu asamawumire pa fyuluta

Galimoto zambiri zimene zimafera pa zitunda za ku Tsangano ndi Macanga sizifa ndi ukalamba. Chimazipha ndi madzi ndi dothi la m'mafuta, ndipo kawirikawiri mwini wake amakhala ataona zizindikiro kwa masabata angapo, koma n'kumangoti zikhala bwino. Ine ndimadyera Hilux yakale ya injini ya 3L, kunyamula mbatatesi za anthu ku Tsangano ndi fodya ku Macanga, ndipo ndimakhulupirira kuti kwathu kuno aliyense wogula mafuta a m'chigubu ayenera kuwerengera fyuluta ngati mbali ya mtengo wa mafutawo.

Sindikunyoza anyamata ogulitsa mafuta m'mbali mwa msewu. Pakanapanda iwo, ambirife tikanagona m'tchire. Mapampu ndi ochepa komanso otalikirana, ndipo munthu amene mafuta amuthera cha ku Chidzolomondo kapena ku Ntengo-wa-Mbalame sangayambe kusankha. Koma taganizani ulendo umene dizilo ameneyu wayenda. Watsika m'sitima ku Beira, wakwera thankala mpaka ku Tete, wachoka pa pampu n'kulowa mu dilamu, kuchoka mu dilamu n'kulowa m'chigubu cha malita 20 chomwe kale chinali cha mafuta ophikira, mwinanso chinatungirapo madzi. Pomaliza amadutsa pa fanelo yodula ku botolo la chakumwa, yomwe tsiku lonse yakhala pa fumbi. Mafuta atasowa ku Malawi mu 2011 ndi 2012, kenakonso kuyambira 2022, zigubu zinachuluka m'malire onse, ku Calomue, ku Lizulu, ku Biriwiri, ndipo malonda akakoma sipalephera wina wothirako palafini kuti malita achuluke.

Ngakhale mafuta a pa pampu sakupulumutsani kwathunthu. Ku Tsangano kumazizira zedi mu June ndi July. Thanki ikagona yopanda mafuta okwanira, chinyezi cha mpweya wa m'katimo chimasanduka timadontho ta madzi, ndipo poti madzi ndi olemera kuposa dizilo, amakakhala pansi pomwe paipi imayamwira. Thanki yachitsulo ya galimoto ya zaka 30 imachita dzimbiri, mabampu a msewu wa ku Furancungo n'kumaligwedeza dzimbirilo.

Zonsezi zimakaima pa fyuluta. Kuseri kwake kuli pampu ya dizilo ndi manozulo, zitsulo zosulidwa mothinana kwambiri moti kamchenga kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi kamazikanda. Pampu imeneyi ilibe oyilo wake, imatereretsedwa ndi dizilo yemweyo. N'chifukwa chake madzi amaidya ndi dzimbiri, ndipo palafini, yemwe ndi wouma, amaipereseza. Fyuluta ikadzaza, galimoto imakuuzani. Pa chidikha imayenda bwinobwino, koma ikafika pa chitunda itasenza matumba imayamba kutsamwa, mphamvu n'kutha, nthawi zina n'kuzima. Mukadikira pang'ono imalira, mukayenda pang'ono yazimanso.

Apa ndi pamene ndimakangana ndi amakaniko athu, omwe pa zina zonse ndimawavulira chipewa, chifukwa amadzutsa galimoto zomwe ku Japan anazitaya kalekale. Mukafika pansi pa mtengo wawo n'kufotokoza vutoli, mumamva kuti, "Achimwene, musataye ndalama, tingoitsuka imeneyi." Amaimasula, kuiviika mu petulo, kuipopa ndi pampu ya njinga, n'kuibwezera. Ena amachita kuiboola ndi msomali kuti mafuta azidutsa, ndipo pa galimoto za petulo ndaonapo wina ataichotseratu n'kulumikiza paipi yokha. Galimoto imanyamukadi ndi mphamvu, mwini wake n'kuthokoza, n'kuwonjezera ya chakumwa. Chimene chachitika n'chakuti pepala la m'kati lang'ambika, ndipo zinyalala zonse zomwe linasunga miyezi yonseyi zapita ku pampu. Kuli ngati kung'amba sefa chifukwa ufa ukuchedwa kutsika. Pakatha miyezi ingapo pampu imafuna katswiri wokhala ndi makina oyezera, ndiye kuti ulendo wa ku Tete kapena ku Lilongwe, galimoto ili pamiyala, mbatatesi za makasitomala akunyamula ena.

Chodabwitsa n'chakuti kusintha fyuluta si ntchito yofuna makaniko n'komwe. Pa Hilux, Land Cruiser ndi Hiace zakale za dizilo, fyuluta ili poonekera mukatsegula injini, pamwamba pake pali kapampu kodina ndi dzanja, pansi pake pali kotsekera kapulasitiki kokhala ndi waya. Waya ameneyu ndiye amayatsa kanyale ka pa dashibodi madzi akachuluka, kanyale komwe madalaivala ena amakamata ndi tepi kuti kasawasowetse mtendere. Mumachotsa wayayo, kumasula fyuluta, kusamutsira kotsekerako pa yatsopano pamodzi ndi kamphira katsopano, kupaka dizilo pang'ono pa mphira wa pamwamba, n'kumanga ndi manja basi, osati ndi sipanala. Kenako mumadina kapampu kaja mpaka kalimbe, kuti mpweya utuluke. Mukadumpha zimenezi mudzaliza sitata mpaka batire kutha. Manja ndi nsanza zikhale zoyera, ndipo musadzaze fyuluta yatsopano ndi dizilo wa m'chigubu monga ambiri amachitira pofuna kufulumira, chifukwa ena mwa mafutawo amapita ku pampu osasefedwa.

Pa galimoto za petulo za kabuleta, fyuluta ndi kanthu kapulasitiki koonekera m'kati, kokhala ndi muvi wolozera kumene mafuta akupita. Zomwe zili ndi mainjekita zimasunga petulo wopanikizika m'mapaipi ngakhale injini itazima, choncho chotsani fyuzi ya pampu, muilize injini mpaka izime yokha, muchotse waya wa batire, kenako mumasule. Ndudu ikhale kutali.

Ena adzati buku la galimoto limanena makilomita ake. Bukulo analembera munthu wothira pa pampu, woyenda pa tala. Ine ndimatsegula kotsekera kapansi kaja sabata iliyonse n'kukhetsera m'botolo loyera, ndipo zomwe ndimaona m'botolomo ndi zimene zimandiuza nthawi. Fodya asanayambe kupita ku misika ya Mozambique Leaf Tobacco ndimaika yatsopano, ina n'kuisunga kuseri kwa mpando. Nyengo imeneyo si yoti munthu n'kugona panjira.

Dandaulo limodzi ndimalimva ndithu, loti ndalama palibe, ndipo fyuluta zambiri za pa msika ndi zachinyengo. N'zoona. Bokosi lalembedwa Toyota, koma mukainyamula ndi yopepuka, mazinga ake ndi okhakhala, ndipo mukaidula m'kati mumapeza kapepala kochepa komata mwachisawawa. Apa palibe nzeru ina koma kugula kwa wogulitsa amene mudzamupezenso mawa, ndi kukana yotchipa mopitirira. Mtengo wa fyuluta yabwino munthu amaubweza ndi ulendo umodzi wa matola. Wa pampu ya dizilo ambiri amaubweza pogulitsa ng'ombe.

Kwa anyamata a zigubu pempho langa ndi laling'ono. Chigubu cha mafuta chikhale cha mafuta okha, chotseka, ndipo chikhazikike usiku wonse musanathirire munthu. Zotsalira pansi musatithirire. Nsalu yoyera pa fanelo siiwononga phindu.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Bungwe lake la FUNAE lakhala likumanga mapampu m'maboma akumidzi, ndipo la ARENE ndi limene limayang'anira mitengo ya mafuta, koma maboma a Tsangano ndi Macanga, omwe amadyetsa mzinda wa Tete ndi kubweretsa ndalama za fodya, akufunika mapampu m'malo amene malole amapakira katundu, osati ku likulu la boma kokha. Kuthamangitsa ogulitsa m'zigubu popanda kuika pampu pafupi kumangokweza mtengo wa botolo. Komanso tonse tikudziwa kuti mafuta ena a m'zigubu amatsitsidwa mwakuba m'mathankala opita ku Malawi. Pa 17 November 2016, ku Caphiridzange m'boma la Moatize, thankala yotere inaphulika anthu akutunga petulo, ndipo oposa 70 anafa, ambiri mwa iwo anthu wamba a m'midzi yapafupi omwe anathamangira kumeneko ndi zigubu ndi zidebe.