Chito chalowa m'sukulu, koma kachingwe asakasiye kunja

Mu mzinda wa Madrid, m'paki ya Retiro, muli bwalo la dothi pomwe madala amasonkhana kuponya timbale tachitsulo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndisanamvetse chomwe ankawerama n'kumakanganirana pansi. Masewerowo amawatcha chito. Ku Burgos amati tuta, ku León tarusa, ku Soria tanguilla, ku Murcia caliche. Dzina limasintha, koma kaseweredwe kake sikasiyana kwenikweni.

Amaimika kamtengo kobulungira, kotalika ngati chikhatho, n'kuika makobidi pamwamba pake. Woponya amaima patali, akuluakulu mamita pafupifupi 20, atagwira timbale tiwiri tolemera. Kale anyamata a m'midzi ya ku Spain ankasewera m'misewu, aliyense atasonkha kakobidi kake.

Tsono nkhani yagona apa: kugwetsa kamtengo sikupambana ayi. Makobidi akamwazika, woponya amatenga okhawo amene agwera pafupi ndi kambale kake kuposa pomwe pagona kamtengo. Otsalawo ndi "a kamtengo" ndipo amadikira. Ndiye kambale kachiwiri kamafuna mutu. Kodi ukankhire kamtengo kutali, kapena ukagoneke kambale pambali pa makobidi? Zikavuta kuona ndi maso, amatulutsa kachingwe n'kuyeza. Madala aja ankawerama chifukwa cha zimenezi.

Masiku ano aphunzitsi a masewero olimbitsa thupi m'dzikolo amaphunzitsa chito m'sukulu ngati amodzi mwa masewero a makolo. Zambiri azisintha, ndipo sindikuwadzudzula. Chitsulo chotere chikhoza kuphwanya mwana chipumi, choncho amagwiritsa ntchito timbale tamphira kapena tamatabwa. Mtunda aufupikitsa, ndipo onse odikira amaima kumbuyo kwa woponya. M'malo mwa makobidi amaika zitsekerero za mabotolo. Apa ndikuwomba m'manja, pakuti juga pasukulu ndani angaifune?

Chomwe chimandiwawa ndi pomwe ena, pofuna kuti kalasi yonse iponyeko belu lisanalire, amachotsanso lamulo la kuyeza lija. Wagwetsa, walandira mapointi, wotsatira bwera. Zikatero sichikhalanso chito, changosanduka kugenda chitini. Zili ngati kusewera bawo koma osawerenga nkhomo, kumangotaya m'maenje mmene dzanja lafunira.

Taganizani za mwana wowonda amene pa mpira amasankhidwa pomaliza. Pa chito chenicheni akhoza kugonjetsa chimnyamata champhamvu chomwe chagwetsa kamtengo mwaukali, kambale n'kugudubuzika mpaka kumpanda. Iye wangoponya mofatsa, kambale kake n'kukagona pafupi ndi zitsekerero. Mukachotsa lamuloli, mwamulanda mwanayu malo okhawo omwe akanawalapo, n'kuwapatsa yemwe ali nawo kale pabwalo la mpira.

Palinso china. Ana awiri atagwada ndi kachingwe, wina akuti changa, wina akuti ayi n'cha kamtengo, akuphunzira kugamula mlandu popanda mphunzitsi kuimba wezulo. Inde, zimadya nthawi, mwinanso misozi imagwa. Mphunzitsi wa ana 25 ndi mphindi zosakwana ola ali ndi chifukwa chodandaulira. Koma timitengo n'totchipa. Aimike tinayi m'malo mwa kamodzi, agawe ana m'magulu, gulu lililonse alipatse kachingwe kake.