Mphwanga ali ndi nyumba m'foni yanga

Loweruka lapitali mphwanga wa Fomu 2 anabwereka foni yanga, akuti akufuna kuona kanthu ka kusukulu. Patatha ola ndinamupeza ali phee pakhonde, akuyendetsa kamunthu ka chipewa chofiira m'tauni ya mugemu. Sankamenyana ndi wina aliyense, sankathamangitsa mpira. Ankangocheza ndi mnzake amene akuti amakhala ku Brazil, ndipo awiriwo anali atamanga kale kanyumba. Bandulo yanga ya sabata yonse inali itapita, koma izo tiziike kaye pambali.

Iye amaona ngati midzi ya pa intanetiyi ndi ya m'badwo wake. Ayi ndithu, inayamba ngakhale ine ndisanabadwe. Mu 1978 Roy Trubshaw, wophunzira pa yunivesite ya Essex ku England, analemba pulogalamu yotchedwa MUD, ndipo mnzake Richard Bartle anaikulitsa. Munalibe chithunzi olo chimodzi. Kompyuta inkangokulembera kuti uli pakuti, iwe n'kulemba komwe ukufuna kulowera. Chokoma chake chinali chakuti ukalowa m'chipinda unkapezamo anthu ena enieni.

Koma nkhani imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya Habitat. Iyi inatuluka mu 1986 kukampani ya Lucasfilm, eni ake a Star Wars, ndipo anaikonza ndi Chip Morningstar ndi Randy Farmer. Inkayenda pa kompyuta za Commodore 64, zomwe memole yake inali 64 KB basi. Chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp nthawi zambiri chimaposa pamenepo! Munthu aliyense anali ndi kathupi kake kojambula, komwe ankakatcha avatar, mawu ochokera kwa Ahindu onena za mulungu akatsika n'kuvala thupi.

Ndiye taonani zimene zinachitika anthu atangopatsidwa matupi ndi katundu. Kuba kunayamba. Wina ankatha kukutsomphola chinthu m'manja n'kuthawa, ndipo popeza munali mfuti, ena anayamba kuphana. Mkangano unabuka: kodi kupha avatar ndi kupha munthu, kapena ndi masewera chabe? Okonza gemuyo atafunsa osewera, anthu anagawikana pafupifupi pakati. Mapeto ake analamula kuti m'tauni musakhale kuba kapena kuombera, koma kutchire aliyense adziwonere yekha. Wansembe wina wa mpingo wa Greek Orthodox anatsegula tchalitchi momwemo, n'kuletsa omutsatira kunyamula zida. Anthu anafika mpaka pochita chisankho cha mkulu wa polisi. Eti, zonsezi pa kompyuta yochepa mphamvu kuposa foni ya mabatani ya agogo.

Zotsatira zake mwina mukuzidziwa. Mawu oti metaverse anachokera m'buku la Neal Stephenson la 1992, Snow Crash. Mu 2003 kampani ya Philip Rosedale, Linden Lab, inatsegula Second Life, yokhala ndi ndalama yakeyake yosinthika ndi madola enieni, ndipo pofika 2006 mayi wodziwika ndi dzina loti Anshe Chung analengeza kuti chuma chake chochokera m'mapuloti a mmenemo chakwana madola miliyoni imodzi. Pamene Facebook inkasintha dzina la kampani kukhala Meta mu 2021, kwa ine inali ikungofika mochedwa pamudzi wakalekale.

Funso la anthu a mu Habitat lija ndi lomwe ndinamufunsa mphwanga: wina akakulakwira mmenemo, umakadandaula kwa ndani? Anandionetsa kabatani kokanenera. Nanga mnzako wa ku Brazilyo ali ndi zaka zingati? Anakanda mutu. "Achimwene, avatar yake imaoneka ya mwana."

Tagwirizana kuti azisewera ine ndili pomwepo, ndipo nambala ya foni, dzina la sukulu ndi chithunzi chake chenicheni zisalowe m'kanyumbako. Za bandulo ija, akutsuka mbale mpaka Lachisanu.