Musanagule chainsaw, funsani kaye komwe idzakonzedwe

Abale athu a geni ya usipa ndi utaka amene amachoka ku Salima kapena ku Mangochi kudzera ku Balaka ndi pa Zalewa amaudziwa bwino msewu wa M1 pamene umadutsa pa Lirangwe kulowera ku Lunzu. M'midzi ya kumeneko, mpaka kukafika ku Chileka m'munsi mwa phiri la Michiru, kulira kwa chainsaw si kwachilendonso. Sowo ya anthu awiri ija, wina pamwamba wina m'dzenje, ikusowa pang'onopang'ono. Bulugama, malaina, ngakhale mango okalamba, zonse zikuchekedwa ndi injini.

Nkhaniyi ndi yathunso kuno kunyanja. Maboti athu ndi a matabwa, zitseko ndi madenga athu chimodzimodzi, ndipo mnyamata akamabwerera kuchokera ku Joni ndi kandalama kake, m'banja mumakhala kukambirana: tigule injini ya boti, njinga yamoto ya kabaza, kapena makina ochekera matabwa? Ife maganizo athu ndi akuti amene wasankha chainsaw asayambe ndi kufunsa mtengo. Ayambe ndi kufunsa kuti ikadzafa adzaikonza ndani, masipeya ake ali kuti, ndipo adzalipira ndani. Za ocheka a ku Chileka ndi ku Lirangwe zikutiphunzitsa zimenezi, chifukwa iwowo ali pakhomo penipeni pa mzinda wa Blantyre, koma makina akaima ulendo wake ndi wa m'tauni basi. Nanga kuli bwanji munthu wa ku Makanjira?

Tiyambe ndi chimene asodzi tikuchidziwa kale. Injini ya chainsaw ndi ya mtundu umodzi ndi injini zambiri za maboti athu: ilibe thanki yapadera ya oyilo wa mu injini, oyilo amasakanizidwa ndi petulo. Makina a Stihl ndi a Husqvarna amafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, kutanthauza mamililita 100 pa malita 5. Makina ambiri otchipa amalembedwa 25, ndiye kuti oyilo wake ndi kuwirikiza kawiri. Apa ndi pamene pali msampha kwa ife a kunyanja. Injini ya boti imazizira ndi madzi, pomwe ya chainsaw imazizira ndi mphepo yokha, imatentha kwambiri, ndiponso imazungulira mofulumira kuposa kuwirikiza kawiri. N'chifukwa chake buku la malangizo la Husqvarna limaletseratu kuthira oyilo wa injini za maboti m'makina awo. Botolo lotsala pa boti la amalume lisalowe m'chainsaw. Pisitoni ikakanda m'kati mwa silinda, kukonza kwake pa makina otchipa kumayandikira mtengo wogulira ena atsopano.

Palinso oyilo wachiwiri, wa tcheni, amene ali ndi thanki yakeyake. Ocheka ambiri amathiramo oyilo wakuda wochotsedwa m'galimoto poti ndi wosavuta kupeza kugalaja. Tikumvetsa, ndalama ndi yovuta. Koma oyilo ameneyo ali ndi tizitsulo ting'onoting'ono timene timadya kapampu ka oyilo, tcheni ndi chitsulo chimene tchenicho chimayendapo. Zimene wapulumutsa lero udzazilipira katatu patsogolo.

Tsopano za kugula. Kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo chainsaw ndi masipeya ake onse ndi zakunja. Munthu akaona makina a mtundu womwewo, utoto womwewo, dzina lofanana, koma mtengo wake wotsika kwambiri, mtima umagunda. Stihl ndi kampani ya ku Germany imene Andreas Stihl anaiyambitsa mu 1926, Husqvarna ndi ya ku Sweden, ndipo mayina awiriwa amabedwa kwambiri ndi opanga zinthu zachinyengo. Makina enieni amakhala ndi nambala yakeyake yodindidwa pathupi pake, buku la malangizo, ndi lisiti ya sitolo yoti mutha kubwererako. Ogulidwa m'chikwama pa depoti alibe zonsezi.

Sitikunena kuti makina otchipa onse ndi oipa ayi. Alipo ochokera ku China ogulitsidwa ndi dzina lawolawo, ndipo kwa mlimi wodula mitengo iwiri itatu ya pakhomo pa chaka amakwanira. Koma kucheka matabwa ndi ntchito ina. Kudula mtengo mopingasa ndi kwa mphindi zochepa. Kuung'amba m'litali kuti mutuluke thabwa ndiye kuti injini ikulira mwamphamvu zake zonse tsiku lathunthu. Makina ang'onoang'ono sapirira zimenezo. Wofuna kudyera ntchito imeneyi agule makina amene masipeya ake angawapeze m'masitolo awiri kapena atatu, osati kwa munthu m'modzi yekha amene mawa angasamuke.

Taganizirani tsiku la wocheka wa ku Lirangwe amene kachingwe kolizira kaduka kapena kabuleta yatsekeka. Ntchito waisiya pakati, mwini mitengo anapereka kale theka la ndalama ndipo akudikira. Akwere minibasi kudutsa pa Lunzu mpaka m'tauni, azungulire ku Ginnery Corner, ku Limbe, mwina ku msika wa Ndirande kumene amati chilichonse chimapezeka. Akapeza chofanana nacho koma chosalowa, mawa abwererenso. Kachitsulo ka ndalama zochepa kadya masiku awiri, thiransipoti ya maulendo awiri, ndi dzina lake kwa kasitomala. Wa ku Chileka ulendo wake ndi waufupi, koma tsiku limatha chimodzimodzi.

Apa tili ndi mawu kwa ogulitsa. Kugulitsa makina n'kumusiya munthu aone yekha si malonda abwino. Amene amagulitsa chainsaw azisunga matcheni, mapulagi, zosefera mpweya, timagiya toyendetsa tcheni ndi tupa wa saizi yoyenera, chifukwa tcheni chilichonse chili ndi tupa wake, wina wa mamilimita 4.8, wina wa 5.2, wina wa 5.5. Azimuonetsa wogula kasakanizidwe ka mafuta ndi kanoledwe asanatuluke m'sitolo. Ndipo n'chiyani chikuletsa sitolo yaikulu kuphunzitsa makaniko m'modzi pa Lunzu, wina pa Lirangwe, wina pa Chileka, n'kumamutumizira masipeya enieni? Anyamata okonza njinga zamoto ali kale pamalo onsewa, manja awo ndi ozolowera injini zing'onozing'ono. Bungwe la TEVETA, limene limaphunzitsa ntchito zamanja, likhoza kuthandizapo. Wogula amene wapatsidwa chinthu chachinyengo m'sitolo adziwenso kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere. Koma popanda lisiti mukayambira pati?

Chimene chimaphwanya maubale, tinene zoona, si makina ayi koma mgwirizano wapakamwa. Nthawi zambiri mwini chainsaw si amene amaigwira. Wogula ali ku Joni kapena ali ndi geni ina, wocheka ndi mphwake kapena mlamu wake. Makina akamayenda bwino aliyense akusekerera. Akafa, mwini akuti "waononga dala", wocheka akuti "munandipatsa chakufa kale". Asodzi izi timazidziwa pakati pa mwini chilimira ndi alovi ake. Khalani pansi tsiku loyamba, pakhale mboni ziwiri, mulembe: mafuta agula ndani, tcheni chikatha agula ndani, injini ikafa chifukwa cha mafuta osasakaniza bwino mlandu ndi wa ndani, ndipo pa thabwa lililonse ndi ndalama zingati zopita m'thumba lokonzera makina musanagawane. Thumba limenelo lisakhudzidwe ngakhale pa maliro a kwa neba.

Kusamala makina ndi kusamalanso miyendo. Tcheni chimathamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi imodzi. Nsonga ikagunda chinthu, makina amadumphira kumaso kwa wocheka, ndipo chomuteteza ndi buleki ya tcheni, chogwirira cha kutsogolo kwa dzanja lamanzere chija. Pa makina ambiri akale bulekiyo inathyoka kalekale, ena anachita kuichotsa okha ati ikuchedwetsa ntchito. Munthu akucheka atavala mapatapata, tcheni chili chobuntha ndiye akukankha ndi mphamvu. Bala la chainsaw si la kuchipatala chaching'ono cha pafupi. Limathera ku Queens, ndipo banja limakhala miyezi lopanda wopezera chakudya. Tcheni chobuntha mumachidziwa ndi utuchi wake: m'malo motulutsa tizipalapala, chimatulutsa fumbi ngati ufa. Imani, nolani.

Chomaliza ndi mitengo yeniyeniyo. Chainsaw imadya nkhuni yoposa theka la sentimita pa mzere uliwonse umene yacheka, ndipo yosanoledwa bwino imakhotetsa thabwa, ndiye mtengo umodzi umatulutsa matabwa ochepa. Dera la Lirangwe ndi Chileka madzi ake amatsikira mu Shire, kumene matope amavutitsa makina opangira magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. N'chifukwa chake pulojekiti ya COVAMS inayamba kudzala mitengo kwa T/A Kuntaja ndi T/A Kapeni mu 2007. Lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limalola khoti kulanda zida zimene zagwiritsidwa ntchito pophwanya lamulolo. Mwini makina amene wabwereketsa osafunsa komwe akukachekera akhoza kuwataya onse chifukwa cha mtengo umodzi wa ku Michiru. Kwathu kuno mlombwa ndi mbawa zopangira maboti zikusowa kale. Musanalandire ntchito yocheka mitengo yachilengedwe, pitani limodzi ndi mwini mitengoyo ku ofesi ya za nkhalango ya m'boma lanu, ndipo chikalata chachilolezo chikhale m'thumba limodzi ndi tupa ndi sipanala ya pulagi.