Makiyi M'manja Si Umwini wa Nyumba

M'chigawo chapita chija tidakambirana za kukwera mtengo kwa malo m'mbali mwa misewu ya m'boma la Phalombe. Lero tiyeni tione khalidwe lina limene lakula pamodzi ndi malonda omwewo, ndipo likudanitsa abale ndi anansi kuno kwa Mkhumba ndi madera ozungulira. Khalidweli ndi lopereka makiyi a nyumba kwa wogula malonda asanathe. Wogula amapereka theka la ndalama, mkhalapakati amene ambiri timamutcha dobadoba amatulutsa makiyi m'thumba, ndipo dzuwa lisanalowe katundu wa wogulayo ali kale m'nyumba. Atatu onsewo amasiyana akumwetulira, osadziwa kuti mlandu umene udzawavutitse zaka zambiri wabadwa tsiku lomwelo.

Poyamba tifunse chimene chachititsa kuti anthu azifulumira motere. Phalombe idayamba kukhala boma palokha mu 1998, itachotsedwa ku Mulanje. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 429,000 m'boma lino, ndipo onsewa akukhala m'chigwa chopanikizika pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi mbali ino, ndi madambo a nyanja ya Chilwa mbali inayo. Maofesi a boma, chipatala chatsopano cha ku Migowi ndiponso msewu wa tala wa Zomba-Jali-Phalombe-Chitakale zabweretsa anthu apantchito ndi amalonda ofuna pokhala. Kuwonjezera apo, achikulire sadaiwale napolo wa mu Malichi 1991 amene adatsika m'phiri la Michesi ndi kupha anthu mazanamazana, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumulanso nyumba zambiri m'boma lino. Motero nyumba ya njerwa zootcha yomangidwa pamalo okwera ili ndi oifuna ambiri. Wogula amaopa kuti akazengereza wina ayilowa, wogulitsa nayenso ali ndi mavuto ake ofuna ndalama lero lomwe. Makiyi amasanduka chikole chotsimikizira kuti malonda ayamba.

Koma kuyamba kwa malonda si kutha kwake. Kuti timvetse bwino tiyenera kusiyanitsa mitundu iwiri ya malo. Pali malo olembetsedwa ku boma, monga a lizi, amene amayendetsedwa ndi malamulo ngati Registered Land Act la 1967. Pa malo otere umwini umasintha pamene dzina la wogula lalowa m'kaundula wa ku ofesi ya za malo, osati pamene ndalama zaperekedwa kapena chitseko chatsegulidwa. Dzina lisanalowe m'kaundulamo pamafunika kufufuza ngati wogulitsayo ndiyedi mwini wake ndiponso ngati nyumbayo sidaikidwe chikole ku banki, kupeza chilolezo cha Unduna wa za Malo, kupeza kalata ya bungwe lotolera misonkho la MRA ndi kulipira msonkho wa pa zikalata. Zonsezi zimatenga miyezi. M'miyezi yonseyo wogula amene walowa m'nyumba ali ngati mlendo, ngakhale atapachika zithunzi zake pakhoma.

Mtundu wachiwiri ndi malo a makolo, amene ndiwo ochuluka kuno kwathu. Lamulo la za malo la 1965 linkati malo otere ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse, ndipo mafumu ankangogawa kuti anthu agwiritse ntchito. N'chifukwa chake makhoti akuluakulu adanena kangapo konse kuti malo a makolo sagulitsidwa ngati mbuzi. Lamulo la Customary Land Act la 2016, limene lidakonzedwanso mu 2022, lidakhazikitsa makomiti a za malo pansi pa gulupu aliyense. Gulupuyo ndiye wapampando, ndipo pa anthu 6 osankhidwa ndi anthu a m'deralo, osachepera atatu ayenera kukhala amayi. Lamuloli limalola banja kulembetsa malo ake ndi kulandira chikalata, ndipo Phalombe, pamodzi ndi Kasungu ndi Rumphi, idali m'gulu la maboma oyamba kumene ntchito yolembetsayi idayesedwa. Chikhalirecho malo ambiri sanalembetsedwebe, kotero kuti umboni wa umwini uli m'mitu ya afumu ndi akuluakulu a mbumba.

Apa mpamene pagona nkhani. Pakati pa Alomwe ndi Amang'anja malo ndi a mbumba, ndipo amayenda kutsata mbali ya kuchikazi. Mkamwini akhoza kuumba njerwa ndi manja ake, nagula malata ndi ndalama zake za nandolo kapena za mpendadzuwa, koma nthaka imene nyumbayo yaimapo ndi ya kuchikazi. Banja likatha kapena mkazi akamwalira, mkamwini wotereyu nthawi zina amafuna kugulitsa nyumba mwamsanga mwinimbumba asanamve. Wogula amalandira makiyi, naganiza kuti zonse zatha. Patapita miyezi iwiri malume a ana amatulukira kuchokera ku Blantyre kapena ku Joni ndi funso limodzi lokha: wakupatsani malo ano ndani? Makiyi sangayankhe funso limeneli. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tione tsopano zimene wogulitsa amataya. Chida chokhacho chimene ali nacho chokakamizira wogula kumaliza ndalama ndicho chitseko chokhoma. Akangochitsegula, changu chonse cha wogula chimazirala, pakuti chimene ankafuna wachipeza kale. Ndalama zimene zidalonjezedwa pakutha pa mwezi zimadikira zokolola, zokolola zikalephera zimadikira chaka chamawa. Wogulitsa sangamutulutse mwa mphamvu. Akasasula denga kapena kutaya katundu panja, iye ndiye amene apolisi adzamutenga, ndipo njira yokhayo yotsala ndi ya ku bwalo la milandu, imene imadya nthawi ndi ndalama.

Pamene akudikira, ndalama zake zikusungunuka. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze munthu amene adagwirizana mtengo wa K8 miliyoni mu Okutobala chaka chimenecho, nalandira theka, napereka makiyi. K4 miliyoni zotsalazo zidali zofanana ndi madola pafupifupi 3,400 pa tsiku la pangano, koma mwezi umodzi pambuyo pake zidali madola 2,350 okha. Simenti ndi malata zimene ankafuna kumangira nyumba ina zidakwera, pamene ngongole ya wogula idakhala pomwepo. Wogulitsa wotere amayamba kufuna kukweza mtengo, wogula amakana, ndipo ubwenzi umathera pomwepo. Akuluakulu adanena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Wina angaganize kuti wogula ndiye wapindula, koma nayenso waima pa nthambi youma. Munthu akalowa m'nyumba sakhala manja lende. Amapaka pulasitala, amakumba chimbudzi chatsopano, amamanga mpanda, amakoka magetsi. Zonsezi akuzichita pa chinthu chimene sichinakhale chake. Malonda akalephereka, mwina adzabwezeredwa ndalama zimene adapereka ngati pali umboni, koma za simenti imene idalowa m'khoma adzakangana nazo mpaka kutopa. Mphepo ikasasula denga m'nyengo ya mvula, aliyense amaloza mnzake: wogulitsa ati nyumba ili m'manja mwanu, wogula ati nyumba idakali yanu. Palinso zobisika zimene zimaululika mochedwa, monga nyumba imene idaikidwa kale chikole kwa wokongoza ndalama za katapila, kapena imene idalandiriridwa ndalama kwa anthu awiri, wina napatsidwa makiyi a kumaso, wina nalonjezedwa kalata ya afumu.

Choopsa kuposa zonse ndi imfa. Wogulitsa akamwalira malonda ali pakati, nyumba imalowa m'chuma cha masiye. Lamulo la 2011 la za chuma cha masiye limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala, ana ndi ena amene ankadalira malemuyo, ndipo limati kulanda chuma chotere ndi mlandu. Palibe amene angamalize kugulitsa nyumbayo mpaka wina atalandira mphamvu yoyendetsera chumacho mwalamulo. Ngati pangano lidali la pakamwa, wogula adzayenera kutsimikizira ana amasiye kuti adapereka ndalama kwa bambo wawo amene ali m'manda. Anawo akanena kuti munthuyu adangobwereka nyumba, adzawatsutsa ndi chiyani?

Nanga dobadoba ali pati pa zonsezi? Sitikunena kuti onse ndi achinyengo. Ambiri ndi anyamata olimbikira amene adalemba mayeso a MSCE, nasowa ntchito, ndipo amayenda mtunda wautali kulumikiza anthu, ena kudzera pa WhatsApp ndi Facebook. Koma tiyenera kumvetsa kumene phindu lawo lagona. Dobadoba amalandira komishoni yake pa ndalama zoyamba, motero kwa iye malonda amatha tsiku limene kwa ena awiriwo akungoyamba kumene. Kupereka makiyi kumamuthandiza kutseka pakamwa pa wogula wokayika ndi kutsekereza dobadoba mnzake. Komatu makiyi aja adapatsidwa kuti azionetsa nyumba basi, ndipo chinthu chosungitsidwa sapatsa wina mwini wake asanalole. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loyang'anira ntchito ya ogulitsa nyumba ndi malo m'malo mwa eni ake, kuti azikhala olembetsedwa ndi odziwika. Ili ndi lamulo labwino, koma lidzapindulira anthu a kumidzi pokhapokha iwo eni atayamba kufunsa mkhalapakati aliyense kuti adalembetsa kuti, ndipo zinthu zikavuta akapezeka kuti.

Maiko ena adaliona kale vutoli. Ku England wogula amapereka kagawo ka mtengo, kawirikawiri 10 peresenti, pa tsiku losinthana mapangano, koma makiyi amakhalabe kwa ejenti kufikira loya wa wogulitsa atatsimikiza kuti ndalama zonse zafika. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito, lamulo la 1981 limati pangano logulitsa malo likapanda kulembedwa ndi kusainidwa lilibe mphamvu. Kumeneko wogula amaloledwa kulowa m'nyumba dzina lisanasinthidwe, koma amalipira lendi mwezi ndi mwezi monga momwe pangano lanenera, kufikira tsiku limene nyumba yalembetsedwa m'dzina lake. Phunziro lake ndi lakuti kukhala m'nyumba ndi kukhala mwini nyumba ndi zinthu ziwiri, ndipo chilichonse chili ndi mtengo wake.

Kunena zoona, pali nthawi zina pamene kulowa msanga sikungapewedwe. Banja limene nyumba yake yakokoloka silingagone m'kalasi mpaka zikalata zitatuluka. Mphunzitsi amene wasamutsidwa pakati pa teremu, pasukulu popanda nyumba, afuna pogoneka ana ake usiku womwewo. Nyumba yosiyidwa yopanda munthu nayonso imabedwa mafelemu ndi mawaya. Sitikuletsa chifundo ayi. Chimene tikunena n'chakuti chifundo chilembedwe papepala.

Pepala limenelo linene maina a onse awiri ndi manambala a ziphaso zawo za unzika, malire a malo, mtengo wonse, zimene zaperekedwa ndi masiku omalizira zotsala. Linene poyera kuti wogula akukhala m'nyumbamo ngati wa lendi kufikira atamaliza, ndi lendi yake, ndiponso ngati lendiyo idzachotsedwa pa mtengo. Liletse kugumula kapena kumanga chilichonse malonda asanathe. Litchule amene adzalipira madzi ndi magetsi, amene adzakonza nyumba ikawonongeka, ndi chimene chidzachitike wogula akalephera kapena wogulitsa akasintha maganizo. Pa malo a makolo, mkazi ndi mwamuna onse asaine, mwinimbumba asaine, afumu ndi komiti ya za malo akhale mboni ndi kudinda chidindo. Pa malo a lizi, kufufuza ku ofesi ya za malo kuchitike ndalama iliyonse isanatuluke, ndipo ndalama zolipira loya zisaoneke ngati zotayika. Ndalama zidutse ku banki kuti pakhale umboni, ndipo ziperekedwe kwa mwini nyumba, osati kwa mkhalapakati. Makiyi aperekedwe ndi mwini wake yekha pamaso pa mboni. Pakabuka mkangano pa malo a makolo, lamulo la 2016 lidaika bwalo pansi pa mfumu yaikulu, lina la boma lonse pamwamba pake, koma mabwalo amenewa amaweruza mosavuta pakakhala cholembedwa.

Aphunzitsi anzanga, ambiri a ife timagula nyumba kamodzi kokha pamoyo wathu, ndi ngongole ya ku SACCO kapena ndi ndalama zopumira pantchito. Tikalakwitsa palibe mwayi wachiwiri, ndipo pepani sapoletsa chilonda. Inunso achinyamata amene mwangotsiriza sukulu, m'mabanja ambiri ndinu amene mumapemphedwa kulemba kalata ya pangano ndi kuwerengera agogo anu zolembedwazo. Musalembe mizere itatu yokha chifukwa alendo akufulumira. Funsani mafunso onse ali pamwambawa, ngakhale akuluakulu akuoneni ngati ovuta. Ndipo ngati mwasankha ntchito ya udobadoba, dziwani kuti amene adzakhalitse pa ntchitoyi ndi amene angathe kuuza wogula mwaulemu kuti, "Bambo, makiyi ali kwa eni ake, tiyeni timalize kaye zolembalemba." Kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'chigawo chotsatira tidzaona mmene banja lingalembetsere malo ake a makolo ku komiti ya za malo, ndi zimene amayi amasiye ayenera kudziwa pa ntchito imeneyi.